Mapaipi Akale ndi Kasupe wa a Zimba

Ana anga, Tiwonge, Yamikani ndi Mphatso, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake pa nchito zonse zimene ndinagwila ndimangokamba za nyumba imodzi yakale ya pamishoni. Amai anu amati nkhaniyi ndaibweleza mpaka nkhuku za pakhomo pano zikuidziwa. Tsopano popeza ndinapuma ndipo gilizi watha m'zikhadabo, ndaona kuti ndiilembe mwandondomeko, kuti mukadzaimva kwa ena mudzathe kusiyanitsa zoona ndi zokometsela.

Chaka choyamba cha nchito

Ofesi ya zomangamanga ya mpingo wathu itandilemba nchito, inanditumiza ku mishoni ina ya m'dela la Mwase Lundazi. Ndinafika ndi dipuloma ya zamadzi m'chikwama, nsapato zonyezimila, ndi mtima woti ndikonza zonse mwezi usanathe. Pamishonipo panali tchalichi, sukulu, kachipatala ndi nyumba zochepa za anchito, ndipo zonsezi zinkamwa m'thanki imodzi yachitsulo imene inali pamwamba pa nsanja. Injini ya dizilo ndiyo inkapopa madzi kuchokela mumjigo kupita m'thankimo, ikakhala ndi mafuta komanso ikafuna.

Amene anandilandila anali a Mtonga, kapitawo wanga woyamba, bambo wamfupi amene sanapondepo m'koleji koma ankatha kuloza pamene padutsa paipi iliyonse ngakhale patamela udzu. Anagwila pepala langa mozondotsa mwadala nkunena kuti, "Monile, a Dipuloma. Tiyeni mukaone sitolo yanu." M'sitolomo ndinapezamo bobojani mmodzi, ndiko kuti sipanala yaikulu yogwilila mapaipi, zitini za penti wouma, ndi mulu wa machubu akale a galimoto. Ndinafunsa kumene amasunga masoketi ndi zolumikizila zina. Iwo anatola chubu chimodzi nkundiika m'manja. "Soketi yathu kuno ndi iyi. Dulani malegeni, musaope kudetsa malaya. Mukalemba kalata ku ofesi lelo, katundu adzafika ana anu atayamba sukulu."

Nchito yoyamba imene ndinagwila ndekha inali kuseli kwa nyumba yakale kuposa zonse, ya njelwa zofiila ndi khonde lalitali, m'mene munkakhala a Zimba, mphunzitsi wamkulu, ndi akazi awo aNyaGondwe. Paipi yachitsulo yopititsa madzi m'nyumbamo inkadontha pa mfundo ina pansi pa nthaka. Buku linkati ndidule, ndiseme mazinga atsopano, ndiike soketi. Popeza soketi panalibe, ndinamanga ndi malegeni monga anandiphunzitsila a Mtonga, koma kuti ndionetse kuti ndinapita kusukulu ndinawonjezela nzelu yanga: ndinakulunga waya wofiila wamagetsi pamwamba pake nkuupota ndi pulayala. Kudontha kunasiya. Ndinakwilila dothi, ndipo m'kabuku kanga ndinalemba kuti pamangidwa kwa kanthawi, padzakonzedwe soketi ikabwela. Soketi isanabwele, kunabwela kalata yondisamutsa.

Zaka za kuboma ndi kuthengo

Zaka makumi atatu zotsatila sindizifotokoza zonse pano. Ndinakhalitsa ku Lundazi kuboma, kumene ndinakumana ndi amai anu akugulitsa nyemba pamsika, ndipo anakana kukhulupilila kuti munthu wa malaya oyela chotelo nchito yake ndi yokumba ngalande. Ndinagwilapo pansi pa bwana wina amene ankasaina chilichonse osawelenga, ndi winanso amene ankawelenga chilichonse osasaina. Ndinakhalanso zaka zinayi kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, kumene njovu zinkafukula mapaipi m'chilimwe chifukwa zinkamva fungo la madzi pansi pa nthaka. Kumeneko ndi kumene ndinazolowela kusavomela mawu akuti madzi angosowa. Thanki ikamatha msanga ndiye kuti pali pamene akutulukila, ndipo ndinkayenda ndi khasu mpaka ndipapeze.

Ogasiti wa chaka chomaliza

Nditatsala ndi miyezi yochepa kuti ndipume, ofesi inandibweza ku mishoni yomwe ndinayambila. A Mtonga anali atamwalila, a Zimba nawonso. Injini ya dizilo inali itachotsedwa, ndipo madzi ankapopedwa ndi mphamvu ya dzuwa. Woyang'anila mishoni anali Mai Tembo, mzimai wa mawu ochepa amene ankayenda ndi mafoni awili ndipo sankakonda kumva chinthu kawili. Tsiku lomwe ndinafika ananditengela pansi pa nsanja nkundilozela thanki. "A Mwale, dzuwa likamalowa iyi imakhala yodzaza. Kukacha mulibe ngakhale otsukila kapu. Anamwino akusambitsa makanda ndi madzi a m'zigubu. Ndamva kuti ndinu katswili. Sindikufuna lipoti, ndikufuna madzi."

Ndinayamba ndi zooneka. Ndinasintha mipopi yodontha ya kusukulu, ndinakonza chimbudzi cha kuchipatala chimene chinkangothila madzi, koma m'mawa thanki inkakhalabe yopanda kanthu. Malo okha amene anali akadali ndi mapaipi achitsulo anali nyumba yakale ija, m'mene aNyaGondwe ankakhalabe, pakuti mpingo unawalola kukhalamo moyo wawo wonse polemekeza amuna awo. Mwamwayi, abwenzi a mishoni anali atatumiza kale katundu wa nyumba imeneyi: mipukutu ya paipi yakuda yapulasitiki, mavalavu, mipopi ndi zolumikizila, zoyezedwa ndendende kuchokela pa paipi yaikulu kukafika kukhichini, kubafa ndi kuchimbudzi, popanda chotsala. Sindingabise, nditatsegula makatoniwo ndinasangalala ngati mwana. Moyo wanga wonse ndinali munthu wa zigamba, ndipo tsopano pa nchito yanga yomaliza ndinali ndi mwayi wozula zakale zonse m'nyumba yathunthu nkuyala zatsopano, chilichonse chili m'kathumba kake, palibe chopempha kwa wina.

Chinthu chimodzi chinali chatsopano kwa ine kuseli kwa nyumbayo. Kumunsi kwa dimba, pansi pa nthochi, panali dzenje lofika m'chiuno lomangidwa ndi njelwa, lodzaza ndi madzi oyela mbee. Anthu ankalitchula kuti kasupe wa a Zimba. Ndinauzidwa kuti patapita zaka ziwili ine nditachoka, a Zimba anaona chinyontho pamalopo m'nyengo yotentha, anakumba, ndipo madzi anatuluka. Mabanja a m'mudzi wa kunja kwa mpanda, amene sankaloledwa kutunga pa mipopi ya mishoni, ankamwa pamenepo. Kupanda apo, azimai akanamayenda ola lathunthu kupita kudambo. Pa malilo a a Zimba, abusa analalikila za kasupeyu kuposa za sukulu. ANyaGondwe ankamulondela ndi malamulo okhwima: osachapilapo, osasambilapo, ndipo koposa zonse osaviikamo chotengela chilichonse cha mwaye, pakuti kasupe amakwiya nkuuma.

Sepitembala, sabata yoyamba

Ndinagwila nchitoyi ndi a Kamanga, wanchito wakale wa pamishonipo, mnzanga wa msinkhu umodzi, mkulu wa mpingo, munthu amene sankayamba kanthu asanamwe tiyi ndipo sankamaliza kanthu asananene nthabwala. Tinapeza aNyaGondwe ali pakhonde.

"Monile, amama," ndinapeleka moni.

"Yewo, adada." Anandiyang'anitsitsa. "Si inu aja munabwela kalekale ndi nsapato zowala? Mwakalamba chomene."

"Ndine ndemwe, amama."

"Ndiye mwabwelela kudzandigumulila nyumba?"

"Tigumula pang'ono, timatanso. Tikamaliza madzi azituluka ngati a kutauni."

"A kutauni sindikuwadziwa. Musandipondele mpilu wanga kudimbako."

Mpopi wa kukhichini unkatulutsa kamadzi kofiila ngati tiyi wopanda mkaka. Shawa inali itasiya kalekale, ndipo m'bafamo aNyaGondwe ankasungamo matumba a mtedza. Choyamba chinali kutseka madzi olowa m'nyumbamo, koma valavu ya pamphambano ya paipi yaikulu inali itauma ili chotsegula, ndipo a Kamanga anati chiyambile iwo nchito sanaionepo itatsekedwa. Tinaidula, tinaikapo yatsopano, nkutseka. Kenaka tinalowa m'nyumba ndi tchizulo ndi nyundo. Amene anayala mapaipi akalewo sankadziwa njila yachidule: paipi inkakwela khoma, kudutsa pamwamba pa chitseko, kutsika, kulowa pansi pa simenti nkukatulukila kumene sitinayembekeze. Pa khona iliyonse ndinkaima nkujambula m'kabuku, ndipo tikapeza kumene yabisala tinkafuula ngati osaka mbewa apeza una.

Nditadula paipi ya kukhichini ndinaiyang'anila kudzuwa. Dzimbili linali litadzaza m'kati mwakuti kabowo kotsala kankangokwana mtengo wa machesi. Ndinathamanga nayo pakhonde kukaonetsa aNyaGondwe. A Kamanga anasuzumila nkuti, "Amama, kodi zaka zonsezi mwakhala mukumwa chitsulo? Nchifukwa chake simudwala. Mwalimba ngati njanji." Maiwo anaseka mpaka kutsokomola, nkutituma kuti titenge mtedza wokazinga m'khichini.

Pa tsiku lachitatu m'mawa tinamva phokoso kuseli. Azimai a m'mudzi anali ataimilila mozungulila kasupe ndi ndowa zopanda kanthu. M'dzenjemo munali mutatsala matope okha. ANyaGondwe anabwela molunjika kwa ife, ndodo ikugunda pansi.

"A Kamanga, dzulo munatunga ndi chiyani pakasupe?"

"Ndi ketulo, amama."

"Ketulo iti?"

"Yomweyi ya tiyi."

"Ya mwaye iyi!" Anailozela azimai aja, ndipo onse anawomba m'manja modandaula. "Munthu wamkulu, imvi mbuu, mkulu wa mpingo, malamulo a pano simuwadziwa?"

"Amama, ketulo iyi yatunga m'mitsinje yonse kuchoka kuno mpaka ku Kasungu, ndipo palibe umene unauma."

"Yayi, uyu si mtsinje. Ndi kasupe wa a Zimba."

Anagamula kuti a Kamanga asese pamalopo ndi manja awo nkupepesa pamaso pa onse. Mnzangayo anasesa akung'ung'udza, ine ndikubisa kuseka. Koma kuseka kunandithela nditafunsa aNyaGondwe ngati kasupeyu anaumapo kale. "Kanayi kapena kasanu," anatelo. "Nthawi zonse injini ikafa, chifukwa a pamishoni onse ankathamangila kuno ndi ndowa zawo zakuda." Kasupe wouma injini ikafa, nkuumanso valavu ikatsekedwa, anali ndi chondiuza.

Sepitembala, sabata yachiwili

Sindinanene kanthu kwa aliyense, chifukwa kuganizila si umboni. Ndinatseka kukamwa kwa paipi yakale pakhoma la nyumba, nkutsegula valavu masana. Kutacha, kasupe anali wodzaza, ndipo azimai anayamika kuti kupepesa kwa a Kamanga kwalandilidwa. Ndinatsekanso valavu. Patapita masiku awili kasupe anaphwanso. M'mawa wa tsiku limenelo ndinakwela makwelelo a nsanja, mawondo akudandaula, nkuviika nsungwi m'thanki. Inatuluka yonyowa kupitilila theka. Ndinabweleza kuyesaku kachiwili ndipo zotsatila zinali zomwezo. Ana anga, bambo wanu amene mumamudziwa kuti ndi wofatsa anavina pamwamba pa nsanja, yekha, atanyamula nsungwi. Ndinali nditapeza kumene madzi a chipatala ankapita.

Ndinaitana a Kamanga ndipo tinakumba motsata paipi yakale, kumtunda kwa nthochi. Dothi linkanka lifewa, mpaka khasu linagunda chitsulo. Nditachotsa matope ndi manja ndinaona mfundo yong'ambika, nyenyeswa za malegeni ovunda, ndi waya wofiila wamagetsi wopotedwa bwino ndi pulayala. Wayayo anali akadali wolimba. Chimene ankamanga ndicho chinali chitatha. Ndinakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, ndipo ndinauza a Kamanga mwini wake wa nchito imeneyo.

Anaseka kaye mokwanila. Atapukuta misozi anatsitsa mawu. "A Mwale, mvelani. Nyumba tiipatse paipi yatsopano. Iyi yakaleyi tiisiye yolumikiza pang'ono, valavu yotsegula kachidutswa. Kasupe azikhala, amama azikondwa, thanki izitaya pang'ono chabe. Inu mukupuma mu Disembala. Adzadziwa ndani? Za ketulo ine ndapepesa kale, zinatha."

Ndinakhala ndi mawu amenewa masiku awili, ndipo ndinaona njila zitatu. Yoyamba inali ya a Kamangayo. Inkaoneka yachifundo, koma chitsulo choola sichitaya mofanana chaka ndi chaka. Bowo likanakula, chipatala chikanabwelela ku zigubu, ndipo wodzalowa m'malo mwanga akanasaka chinthu chimene ine ndabisa dala. Komanso madziwo asanafike m'dzenje ankadutsa m'dothi lapafupi ndi chimbudzi chakale chokumba, ndipo podziwa zimenezi sindikanatha kuona ana akumwa. Yachiwili inali kudula paipiyo mwakachetechete. Thanki ikanadzaza, Mai Tembo akanandiyamika, dzina langa likanakhala loyela, koma azimai akanayamba ulendo wa kudambo mu Okutobala, ndipo mlandu wonse ukanakhala pa ketulo ya mnzanga. Yachitatu inali kunena zoona, kuyambila kwa mai amene zoonazo zikanawapweteka kwambili, kenaka nkupempha kuti anthu a m'mudzi apatsidwe madzi poyela. Njila iyi inalibe chitsimikizo chilichonse. Mai Tembo akanatha kukana, ndipo pamenepo ndikanakhala nditaumitsa kasupe, nditachotsa ulemu wa malemu, nditadziyalutsanso ndekha popanda phindu. Komabe ndi yokhayi imene ndikanatha kudzakulembelani lelo.

Ndinapeza aNyaGondwe akusenda mtedza ndipo ndinawapempha kuti atsagane nane kungalande. Ndinakodola a Kamanga, amene anali pa valavu, kuti atsegule. Madzi anatumphuka pamfundo paja, nkuyamba kutsetseleka m'dothi kulunjika kunthochi. Ndinakodolanso, iwo anatseka, madzi anasiya. Maiwo anayang'ana mfundoyo, anayang'ana kasupe, anayang'ananso mfundoyo.

"Ndiye mukuti a Zimba ananama?"

"Ai, amama. A Zimba anaona chinyontho, anakumba, anapeza madzi, ndipo sanawatsekele ndi loko. Zonsezo nzoona. Wolakwa ndine. Ndinamanga pano ndi malegeni chaka changa choyamba, ndinachoka osauza aliyense."

"Inu?"

"Ine, amama. Waya uyu ndi wanga."

Anatsamila ndodo yawo nkupukusa mutu. "Zaka zonsezi ndakalipila ana a eni chifukwa cha miphika. Ndakanganapo ndi alamu anga. Ndasesetsa mkulu wa mpingo ngati mwana wa sukulu. Kasi ndikulondela chigamba cha a Dipuloma!" Sindinadziwe ngati aseka kapena alila, ndipo ndikhulupilila kuti iwonso sanadziwe. Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Chabwino, mwaupeza mlandu wanu. Nanga azimai aja akatunga kuti?"

Funso limeneli ndinapita nalo ku ofesi ya Mai Tembo, pamodzi ndi nsungwi yanga yolembedwa mizele. Ndinawaonetsa pamene madzi amafika m'mawa valavu ikakhala yotsegula, ndi pamene amafika ikakhala yotseka. Ndinafotokoza kuti mishoni yakhala ikumwetsa mudziwo zaka zonsezi osadziwa, ndipo pa madzi amene ankatayika usana ndi usiku, olowa m'ndowa anali ochepa, ambili ankangomwedwa ndi nthaka. Mpopi wotseka ukanapatsa anthu omwewo madzi aukhondo nkusiyila chipatala ochuluka.

"Lamulo limati madzi ndi a mishoni," anatelo.

"Lamulolo lakhala likudontha zaka makumi atatu, amai."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndipo anamanga malegeniwo ndani?"

"Ndine."

"Mulembe zimenezo mu lipoti, dzina lanu likhalemo."

"Paja munati simufuna lipoti."

"Ili ndikulifuna." Foni imodzi inalila, anaizimitsa. "Mpopi muike. Uzitsegulidwa m'mawa ndi madzulo, kiyi azisunga aNyaGondwe. Thanki ikadzapezeka yopanda kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndidzautseka. Koma paipi ina ndilibe, ndipo sindipemphanso chaka chino. Muone nokha."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati mnyamata, koma nditayeza ndi tepi chimwemwe chinachepa. Paipi yofunika kukafika kunthochi inali yofanana ndi imene inayenela kuzungulila nyumba kukalowa kubafa. Sizikanatheka kupanga zonse ziwili. Ndinayesa kujambula njila zina madzulo onse, ndipo iliyonse inkapelewela. Ndinakauza aNyaGondwe monga zinalili, kuti katunduyo anatumizidwila nyumba yawo ndipo mawu omaliza ndi awo.

"M'bafa muli mtedza wanga," anayankha. "Mukalowetsamo madzi uola. Ine ndasamba m'beseni chikwatiwile, ndiyambe lelo kuima pansi pa mvula ya m'nyumba? Ndipatseni kukhichini ndi kuchimbudzi. Yotsalayo ipite kwa a Zimba."

Ndivomele kuti zinandiwawa pang'ono, chifukwa ndinkafunitsitsa kusiya nyumba imodzi yomalizidwa mbali zonse. Mpopi wa shawa wonyezimila uja ndinaubweza m'kathumba kake.

Okutobala

Masabata awili oyamba a mwezi umenewu anali okoma kuposa ena onse a nchito yanga. Tinazula chitsulo chomaliza, tinayala paipi yakuda m'ngalande pamwamba pa mchenga, tinamata makoma, ndipo pafupi ndi nthochi tinamanga chikhazikilo cha simenti chokhala ndi kangalande kopititsa madzi otayika kudimba la mpilu. Mfundo iliyonse ndinaiyesa isanakwililidwe, ndipo mapu a njila ya paipi ndinakapachika m'sitolo. Titatsegula mpopi wa kukhichini, mpweya unatsokomola kawili, kenaka madzi oyela anawomba m'sinki mwamphamvu mpaka aNyaGondwe analumpha nkugwetsa ndodo. "Adada, chepetsani! Mundiswela mbale!" anakuwa, koma sanalole kuti nditseke.

Ndinadzipeleka kuti ndikafotokozele azimai a m'mudzi, koma aNyaGondwe anakana. Anati amene anaika malamulo ndiye awachotse. Lamulungu titatuluka m'tchalichi anawasonkhanitsa pansi pa nthochi nkuwauza zonse, osabisa za ine ngakhale za iwo eni, ndipo anapepesa kwa a Kamanga pamaso pa gulu. A Kamanga anati akhululuka akaona tiyi wa mkaka. Panali kuseka, panalinso ena achikulile amene anangoti kukamwa pululu, osakhulupilila. Koma aNyaGondwe atapotokola kiyi, madzi atagunda pansi pa ndowa yoyamba, nthungululu zinamveka mpaka kusukulu. M'mawa mwake ndinakwela nsanja ndi nsungwi yanga ndipo ndinapeza madzi ochuluka. Ndili pamwambapo ndinaona namwino akutsuka pakhonde la chipatala ndi paipi, zigubu zili mulu pambali. Ndinakwela m'mawa uliwonse mpaka tsiku lopuma, ndipo Mai Tembo sanapeze chifukwa chotsekela.

Chinatsala ndi dzenje lija. Silikanasiyidwa, chifukwa mvula ikanalidzaza ndi madzi oipa ndipo ana akanagwelamo. Ndinazengeleza masiku angapo, osadziwa poyambila kuwauza. Tsiku lina m'mawa aNyaGondwe anatiitana okha, atavala chitenje cha mpingo. Anaima m'mphepete mwa dzenjelo nkutiuza kuti njelwa zake a Zimba anaumba okha pa tchuthi, ndipo anatiuza kuti tizichotse bwino, akufuna kuzisunga. Titazichotsa ndi kuziunjika pakhonde, anatenga khasu m'manja mwa a Kamanga nkugwetsela m'dzenjemo dothi loyamba, kenaka lachiwili. Anabweza khasulo.

"Pitilizani, adada," anatelo. "Ine ndikatsegule mpopi, anthu adikila."

Tinakwilila mpaka pamalopo panafanana ndi nthaka yonse, uku kumbuyo kwathu ndowa zikudzaza imodzi ndi imodzi.